Tebo Yanga ndi Maliro a ku Chilobwe

Nditapuma ntchito m'boma, zipani zambiri zitangoyamba, ndinagula pikapu yakale ya dizilo, ya injini ya tebo, kachipangizo kowonjezera mphamvu kaja. Ndiyo inkatidyetsa pakhomo, chifukwa ndinkanyamulira anthu njerwa ndi mchenga ku Machinjiri. Wondigulitsayo anandichenjeza kuti ikakwera chitunda ndisamaizimitse nthawi yomweyo, izilira kaye itaima mpaka tebo itazizira. Ndinkatero osaphonya. Oyilo ndinkasintha pa nthawi yake, malisiti ake ndikadali nawo.

Komabe inayamba kuimba likhweru lachilendo ndi kufuka utsi wabuluu. Ndinakayikira makaniko wanga wa ku Ndirande kuti amandithirira oyilo wakale kuchokera m'chigubu chatsopano, moti ndinayamba kumatsegula ndekha chigubucho iye akuona. Ndinakayikira dizilo, ndinasintha kogula. Utsi sunaleke.

Galimoto m'dera lathu inali yomweyo, ndipo maliro akagwa sukana. Kumaliroko ankaiyendetsa ndi mlamu wanga, mkulu wake wa mkazi wanga, poti anali wa komiti ya zovuta ku tchalitchi. Tsiku lina ndinakwera nawo kupita ku Chilobwe. Tinakwera chitunda chonse chija titanyamula bokosi ndi amayi oimba nyimbo, injini ikubuula. Titangofika pakhomo, mlamu anapotoza kiyi, zii.

"Alamu, mwazimitsiranji?" ndinafunsa chapansipansi.

"Pasiwa pano. Olira alipo kale okwanira, mukufuna ilirenso iyoyi?"

"Maliro onse aja mumatero?"

"Nanga abusa azipikisana ndi injini yanu? Inu mukadzafa tidzaisiya ilire, musadandaule."

Ndinamulanda kiyi pomwepo, anthu akuyang'ana. Tebo ija inali itapsa kale. Ina tinakaipeza movutikira, yochotsa pa galimoto yangozi, ndipo makaniko anandiuza kuti ikapsanso imeneyo ndingoigulitsa pikapuyo kwa ophwasula.

Kuyambira pamenepo kumaliro ndinkayendetsa ndekha. Akatsitsa bokosi ndinkabwerera chafutambuyo mpaka kupitirira masamba oika pamsewu, n'kukhala m'galimotomo injini ikulira mpaka izizire. Anthu anayamba kunong'onezana kuti pikapu yanga ndi yokhwimira, n'chifukwa chake siizima pafupi ndi mtembo. Amene anayambitsa mphekeserayo sindinamugwire, koma ndikumuganizira, ndipo timadyera limodzi pa Khirisimasi.

Ena analeka kundipatsa katundu chifukwa cha nkhaniyo. Ndinawasiya. Pikapu inanyamulabe njerwa za otsalawo mpaka ana anga onse anamaliza sekondale.