Bokosi Lobwereka la Mayi Nalungwe

Mayi Lines Nalungwe analowa uphunzitsi mu 1994, chaka chimene pulayimale inakhala yaulere, ana n'kukhamukira kusukulu ngati ngumbi. Anasiya khasu kwawo ku Chisenga, m'boma la Chitipa, n'kupatsidwa chigulu cha ana pansi pa mtengo, buku limodzi, ndi choko chomwe ankachidula pakati kuti chifike Lachisanu. Munthu woyamba ntchito motero saphunziranso kuwononga. Ngakhale atawonjezera maphunziro n'kuyamba kuphunzitsa sayansi pa sekondale yoyendera ya konko, kabati yawo inali yotseka nthawi zonse, kiyi ali m'khosi. Ana ankati kwa Madamu ngakhale chikho chagalasi umachipatsa moni uli patali.

Atatsala pang'ono kupuma pantchito, bungwe lina la ku Lilongwe linabwereketsa sukulu zingapo za Kumpoto mabokosi a zipangizo zopangira loboti, kagalimoto kodziyendera kokha motsatira malangizo, kuti ana akapikisane ku Mzuzu. Mnyamata wa bungwelo, Lucius, anafotokoza kuti sukulu zochita bwino zidzasunga mabokosiwo, zinazo zidzabweza. Mayi Nalungwe analifuna bokosilo ndi mtima wonse. Zaka zonsezi anaphunzitsa magetsi pojambula pa bolodi, ndipo ankafuna kusiya pasukulupo chinthu chogwirika.

Koma nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, ndipo iwo ankadziwa zimenezo kuposa aliyense. Mota yoyendetsa lobotiyo ikapsa, ina akaipeza kuti ku Chisenga? Batire ankakatchajitsa pa sola ya kuchipatala, mochita kupempha. Choncho anaika malamulo. Kusamba m'manja kaye. Kachitsulo kalikonse kuikidwa pa nsalu. Pomanga, osalimbitsa kwambiri, kuopa kuthyola. Loboti inkayenda Lachisanu lokha, kamtunda kochepa. Masiku enawo Ruth, mtsikana wotsogolera gulu la ana okapikisanawo, ankasanduka loboti iye mwini, akuyenda pabwalo motsatira malangizo amene anzake alemba. Ana ankaseka, komabe nzeru zake anazigwira bwino ndithu.

Ku Mzuzu anakaona zina. Ana a sukulu zolipira anabwera ndi malaputopu, ndi zipangizo zapadera zowagulira makolo zodzaza m'zikwama. Ankagwetsa maloboti, kutukwanizana, kuzula mawaya ndi mano. Mnyamata wina anawotcha mota, anaiponya m'bini n'kutola ina, nkhope osasintha n'komwe. Mayi Nalungwe anachita kutembenuka kuyang'ana kumbali, mtima ukuwawa.

Itafika nthawi yawo, loboti ya ku Chisenga inanyamuka bwino, inakhota pokhota, anthu mpaka kuwomba m'manja. Kenako tayala, lija lomangidwa mwaulemu, linaguluka n'kugubuduka lokha. Oweruza anapereka mphindi zochepa zokonzera. Wa sukulu zinazo akanangokanula chivundikiro n'kukhomera tayalalo ndi chibakera. Ruth anayala nsalu yake. Anayamba kumasula tizitsulo kamodzikamodzi, n'kumatindandalika bwinobwino monga anaphunzitsidwira. Aphunzitsi sankaloledwa kuyandikira, ndiye Mayi Nalungwe anaima kumbuyo, akulakalaka kukuwa kuti mwanawe thyola. Belu linalira chivundikiro chisanatseguke.

Pobwerera, mu minibasi, palibe anadandaula. Ruth anangouza Mayi Nalungwe kuti asade nkhawa, palibe chatayika ngakhale chimodzi. Mawu amenewo anawapweteka kuposa kugonjako.

Patapita milungu ingapo Lucius anafika ndi galimoto kudzatenga bokosi. Atalitsegula anaimba mluzu. Anasimba kuti kwina konse kumene wadutsa, ku sukulu zogonja zomwe, wapeza zipangizo zili mbwee, mota zopsa, mawaya oduka, moti mabwana ake anamuuza kuti angozisiya komweko, ana azingoseweretsa, popeza sizoyeneranso kupatsa wina.

"Koma lanuli, mayi, ngati lachokera m'sitolo lero," anatero mokondwa. "Ili lokha ndiye tikhoza kukapereka kwina chaka chamawa. Ena akanaphunzira kwa inu."

"Ndiye ophwanya asunga, ife osamala tibweze?" anafunsa Mayi Nalungwe.

Lucius anakanda m'mutu. Sanali munthu woipa, kungoti funsolo linali lisanamufikepo. Anati akakambirana ndi mabwana, mawu amene aliyense wa ku Chitipa amadziwa kutalika kwake.

Ana anali ataunjikana pakhomo la ofesi, akuyang'ana. Mayi Nalungwe anakwiya, osakwiyira bungwe lokha, komanso manja awo omwe. Anapempha Lucius kuti akhale pansi amwe tiyi, ndipo anatuma mwana akawiritse madzi pa nkhuni zaziwisi kuti achedwe kuwira. Kenako anakankhira bokosi lija kwa Ruth.

"Tengani mupite nalo pabwalo. Muyendetse mpaka batire ithe."

"Nanga tikathyola, Madamu?"

"Thyolani."

Ruth analinyamula, anafika nalo pabwalo, anzake atamuzungulira. Tiyi anapsa, Lucius anamwa, anathokoza. Pamene ankatuluka, anapeza ana adakali pamzere pa mjigo, akusamba m'manja, bokosi lili chitsekere.