A Mkati, Kochi Wosoka Nsapato

Bambo anga anayamba kuphunzitsa ana mpira chifukwa choipidwa ndi mpirawo. Ntchito yawo inali yosoka nsapato. Ankakhala pakhonde la sitolo ya penti, pa kampando kamiyendo itatu, nsapato zakumanzere zili mulu wake uku, zakumanja mulu wake uko. Ankati nsapato ziwiri zikagundizana wakuba amazilakalaka, koma imodzi palibe angaifune. Nzeru imeneyi inkagwira ntchito ndithu, kungoti mwini nsapato akabwera ankayima nthawi yaitali, bambo ali kalikiliki kufufuza inzake.

Lolemba lililonse m'mawa pankabwera azimayi atanyamula nsapato zakusukulu za ana awo, zonse zitayasama kutsogolo. Nthawi zonse inali yakumanja, kupatula ya mwana mmodzi wamanzere. Bambo ankazisoka, kuzimata guluu, kuzikhoma, koma sabata yotsatira zinkabweranso zitayasama pomwe paja.

"Si ndiye ntchito yanu imeneyo?" anatero amayi tsiku lina madzulo, bambo akudandaula.

"Ntchito ndi kusoka nsapato kamodzi," anayankha bambo. "Kuisoka yomweyo sabata ndi sabata ndi chipongwe. Anthu aziti sindidziwa kusoka."

Ndiye tsiku lina anatseka bokosi lawo msanga n'kupita pa kabwalo ka pakati pa mpanda wa sukulu ndi galaja, pomwe ana ankasewera akaweruka. Anayima, naonerera, namagwedeza mutu. Mpira utagubuduka kufika pamapazi awo anautola n'kuupana m'khwapa.

"Ana inu, mpira samenya ndi nsonga ya nsapato. Amamenya ndi mkati mwa phazi. Taonani."

Bambo anali asanamenyepo mpira chibadwire. Anauika pansi, nabwerera m'mbuyo, nathamanga mmene amathamangira munthu wozolowera kukhala pa kampando. Mpira sanaukhudze. Mwendo unapita m'mwamba wokha, iwo n'kukhala pansi, nsapato yawo n'kukatera padenga la galaja. Mawa lake ana anabwera ochuluka kuposa dzulo, ena ochokera m'misewu ina, kudzaona ngati angagwenso. Timu inayambira pamenepo, ndipo dzina loti a Mkati linawamatirira mpaka lero. Ngakhale amayi akakwiya amawatchula choncho.

Ine ndinkasewera kumbuyo. Sikuti ndinkaukonda mpira, koma ndinali mwana wamkazi wa akochi ndipo timu inkaperewera munthu mmodzi.

Zophunzitsa bambo ankazitenga kwa ometa tsitsi a pafupi ndi khonde lawo, omwe anali ndi TV yopanda mawu. Anthu ena ankaonera zigoli, bambo ankaonera mapazi. Akabwera pabwalo ankandandalika pamzere nsapato zakale zomwe eni ake sanabwere kudzatenga, ife n'kumazizungulira ndi mpira, phazi lamanja popita, lamanzere pobwerera. Wokhudza nsapato ankayambiranso. Kenako tinkamenyetsa mpira kukhoma la galaja n'kumauimitsa ukamabwerera, mpaka amakaniko atulukire n'kutifunsa ngati tilibe kwathu. Wezulo bambo sankaitha, ankati imawawawitsa mano, choncho anamasula belu panjinga ya amayi n'kumaliza limenelo. Tsiku loyamba kuliza, ana onse anathawira m'mbali kupereka njira.

Chomwe bambo ankachikonda kwambiri chinali kumenya mpira ndi mutu. Ankati mutu palibe amene amabwera nawo kwa iwo Lolemba.

Zodabwitsa n'zoti tinayamba kudziwadi kusewera. Mwana amene wamenyetsa mpira kukhoma madzulo aliwonse amafika pozolowerana nawo, afune asafune. Tinkapatsirana bwino kuposa matimu ena a msinkhu wathu, omwe onse ankangothamangira mpira pamodzi ngati nkhuku zikaona chimanga.

Vuto linali khalidwe, chifukwa bambo ankalifuna lochuluka kupyola muyezo. Mpira usanayambe tinkayenera kupereka moni kwa wosewera aliyense wa timu inayo, osati kungogwirana chanza, koma kufunsanso za kunyumba ndi kudikira yankho. Oyimbira mpira ena ankafika pokhala pansi kutidikira. Ukagwetsa mnzako unkayenera kumudzutsa, kumusansa fumbi, ndi kumufunsa ngati nsapato zili bwino. Tinamwetsedwapo chigoli ine ndi mnzanga wakumbuyo tili pakati posansa fumbi mwana yemwe anadzigwetsa yekha.

Goloboyi wathu tinkamutchula Chitseko, chifukwa nthawi zambiri ankakhala chotsegula. Anali mnyamata wonenepa, waulemu kwambiri, ndipo malamulo a bambo anawalandira ndi mtima wonse. Akagwira mpira ankapepesa kwa amene waumenya. Koma kutsogolo tinali ndi Tsabola, kamtsikana kakafupi kothamanga modabwitsa, komwe sikankaona chifukwa chofunsira za kunyumba kwa munthu amene kakufuna kumugonjetsa. Tsiku lina kanaponda dala phazi la mnyamata yemwe anakakoka malaya. Bambo analiza belu, ngakhale woyimbira anali wina.

"Mawa ubwere pakhonde," anatero. "Nsapato za mnzakoyu uzipolisha ndiwe."

"Iyeyo ndi amene anayamba, akochi."

"Iyeyo ali ndi kochi wake. Iwe uli ndi ine."

Tsabola anabweradi. Anakhala pansi mwakachetechete n'kupolisha nsapato zakuda zija ndi polishi wofiira, mosamala, mpaka m'zingwe momwe. Bambo atatembenuka anaziyang'ana nthawi yaitali, kenako anati polishiyo wamuwalitsa bwino, koma abwerenso mawa kudzaphunzira mitundu.

Mpira umene anthu amaukumbukirabe unali wolimbana ndi timu ya a butchala. Anali bambo wamkulu thupi, wa mawu ngati hutala ya lole, ndipo ankabwera atavala jekete yamasewera ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ana awo anali ndi yunifomu yofanana. Ife tinali ndi malaya oyera akusukulu omwe amayi anawalemba manambala ndi penti yotsala kusitolo ija, moti titathamanga pang'ono tonse tinkanunkha ngati nyumba yatsopano. M'timu yawo munali mnyamata wamtali wotchedwa Mphepo, yemwe ankagoletsa pafupifupi mpira uliwonse.

Chigawo choyamba chinatiyendera bwino kuposa mmene tinkayembekezera. Mphepo anamenya mpira wamphamvu, Chitseko anatembenuka kuti athawe, mpira n'kumumenya kumsana n'kutuluka panja. Makolo anawomba m'manja, Chitseko anapepesa. Kenako Tsabola anadutsa anyamata awiri n'kuuika mpira pakona ya golo ndi mkati mwa phazi, mmene bambo ankanenera. Bambo analiza belu mpaka linagwa m'manja.

Chigawo chachiwiri chitangoyamba, nsapato ya Mphepo inatseguka. Soli inamatuka kuyambira kutsogolo mpaka pakati, n'kumachita phaphapha akamathamanga. Anapunthwa, nadzuka, napunthwanso. A butchala anakuwa kufunsa ngati pali mwana wa phazi lofanana naye, koma panalibe, mnyamatayo anali ndi phazi la munthu wamkulu. Kuvula sakanatha chifukwa bwalo lija linali ndi timiyala takuthwa. Makolo a mbali yathu anayamba kumwetulira. Bambo ake a Tsabola, omwe anali dalaivala wa basi, anayamba kale kuuza anzawo kuti mwana wawo anatengera iwo.

Ine ndinayang'ana bambo n'kuona kuti zinthu sizili bwino. Mpira sankautsatiranso. Maso awo anali pa soli ija, dzanja lili m'thumba la jekete. Amayi nawonso anaona.

"Inu, khalani pansi," anatero.

"Ndikungoyang'ana."

"Ndakhala nanu zaka zonsezi, ndimakudziwani mukamangoyang'ana. Khalani pansi."

"Guluu yekha anamata amene uja," anatero bambo motsitsa mawu. "Sanasoke n'komwe. Anthu ena alibe manyazi."

Soli inachitanso phaphapha, bambo n'kulowa m'bwalo. Mpira unali ukuseweredwa. Anayenda molunjika mpaka pakati, namugwira Mphepo paphewa, namukhazika pansi, iwonso n'kukhala pansi moyang'anizana naye. Anamuvula nsapato, natulutsa singano ndi ulusi m'thumba, nayamba kusoka.

Woyimbira anali mphunzitsi wachinyamata wa pasukulu ija. Zoterezi anali asanazionepo, choncho anaiwala kuyimitsa mpira. Anathamangira pakati n'kutulutsa khadi lachikasu.

"Bambo, tulukani m'bwalo."

"Ndatsala pang'ono, aphunzitsi."

Ife tinkasewerabe, kumawazungulira. Mpira wina unawamenya pamsana, iwo osadzutsa mutu, anangonena kuti amene wamenyayo wamenya ndi nsonga. Woyimbira anatulutsa khadi lofiira. Bambo anali ataluma ulusi, ndiye anangogwedeza mutu kusonyeza kuti aliona. A butchala, omwe ankakuwa chiyambireni m'mawa, anangoti kukamwa yasa. Bambo atamaliza anadula ulusi ndi mano, namuveka mnyamatayo nsapato, namumangira zingwe, namuuza kuti aponde pansi aone ngati ikumupweteka. Kenako anadzuka, nagwira chanza woyimbira, namuuza kuti chidendene cha nsapato yake yakumanzere chadyeka mbali imodzi, adutse pakhonde akapeza mpata.

Wolandira khadi lofiira saloledwa kukhala pafupi ndi bwalo, choncho bambo anakaonerera kuseri kwa mpanda atakwera pa tayala lakale, mutu wokha ukuoneka. Ali pomwepo anaona Mphepo akutimwetsa zigoli zitatu, zonse ndi nsapato yomwe ija, zonse ndi nsonga. Chomaliza anandidutsa ine pakati pa miyendo.

Tinauyamba ulendo wobwerera kunyumba. Tsabola ankayenda patsogolo akulira mokwiya. Titafika pa mphambano bambo anakhosomola.

"Koma mwaona," anatero. "Wamenya ndi nsonga katatu, koma sinatseguke."

Amayi anawayang'ana, bambo n'kuyamba kuwerenga zikwangwani za m'mbali mwa msewu.

Makolo anabwera kunyumba kwathu Lamlungu masana kudzakambirana zochotsa kochi. Anadzaza pabalaza, ena anakhala pamikono ya mipando, wina pa tebulo la wailesi. Adalaivala a basi analankhula nthawi yaitali za mmene timu imafunira munthu wa mtima wolimba. Onse anavomereza. Kenako amayi, akutolera makapu, anafunsa kuti ndani mwa iwo azipezeka pabwalo madzulo aliwonse. Adalaivala anati iwo amaweruka mochedwa. Wina anati bondo. Wina anati akanakonda, koma ana amamusowetsa mtendere ngakhale ake omwe. Pamapeto pake anagwirizana kuti a Mkati apitirize, koma mpira uliwonse usanayambe amayi aziwasecha.

Ndipo ankawasechadi, pamaso pa anthu onse, bambo atakweza manja. Sabata yoyamba anawapeza ndi singano m'sokosi. Sabata yachiwiri ulusi unali m'chipewa, kabotolo ka guluu kali m'thumba la Chitseko, yemwe anaulula asanafunsidwe.

Tsabola anakhala masiku osawalankhula bambo. Pabwalo ankabwera ndithu, koma akafuna kunena kanthu ankandiuza ine kuti ndiwauze, iwo ali pomwepo. Anayambanso kuwalankhula pamene Mphepo anasamukira ku timu yathu. Mnyamatayo anangotulukira tsiku lina n'kuima kumapeto kwa mzere, nati kwa a butchala makutu ake atopa. Bambo anamutengera kukhoma la galaja kuti akayambire poyamba ngati wina aliyense, ndipo anapatsa Tsabola udindo womuyang'anira. Sindinaonepo munthu wosangalala ndi udindo ngati Tsabola mwezi umenewo.

Bambo anaphunzitsa ana mpaka maondo anayamba kukana. Chikho sanapatepo, koma ana ambiri a m'misewu ija anadutsa m'manja mwawo, ndipo ena amabwerabe pakhonde ndi ana awo kudzawaonetsa munthu amene analandira khadi lofiira ali chikhalire. Timu anaisiyira Tsabola, yemwe tsopano ndi namwino ndipo amabwera pabwalo akangoweruka.

Titawapumitsa tinkaganiza kuti aziona mpira mwakachetechete ngati agogo. Koma atangokhala pabenchi ya makolo, opanda udindo uliwonse, anatulukira chinthu chomwe anadzimana moyo wawo wonse, ndicho kukalipira woyimbira. Anayamba pang'onopang'ono, ndi mawu ngati "aphunzitsi, mwina simunaone bwino", koma pofika mwezi watha anali atafika pofunsa woyimbira ngati magalasi anawaiwala kunyumba kapena anawagulitsa. Tsabola anayimitsa kaye zomwe ankachita n'kubwera pabenchi.

"Akochi, ana akumva."

"Amve. Inali penate ija."

"Inali penate, koma mupita kunyumba."

Amayi anawagwira mkono n'kuyamba nawo ulendo. Njira yonse bambo ankafotokozera aliyense wokumana naye mmene mwanayo anagwetsedwera, mpaka mayi wina wogulitsa nthochi, yemwe sankadziwa n'komwe kuti kukuchitika mpira, anavomereza kuti inalidi penate kuti amusiye.