Ndinali Maso a Azakhali

Tsiku limenelo ndinali kudambo kukavuula chinangwa. Ndinali nditabereka mlongo wanga Yohane, amene anali atangosiya kuyamwa. Amayi anatsala kunyumba akuzira khonde. Mudzi wathu unali tsidya la nyanja, ku Mozambiki, m'munsi mwa mapiri.

Mfuti yoyamba ndinayesa ndi nsungwi yaphulika pamoto. Yachiwiri inabwera pamodzi ndi kukuwa kwa anthu. Kenako utsi unakwera pomwe panali tchalitchi.

Padambopo panalinso azakhali Fulora, mlongo wa malemu atate. Iwo ankadziwa mankhwala a zitsamba, koma maso awo anali atachita ng'ala. Amayi ankandiletsa kulowa m'nyumba mwawo. Ankati mwana wa mpingo sagwira mizu.

Ndinafuna kuthamangira kumudzi. Azakhali anandigwira pamkono mpaka zikhadabo zawo zinalowa m'khungu.

"Kumapiri," anatero. "Iwe uziona njira, ine ndizikuuza kolowera."

Tinatenga chinangwa chochepa m'nsalu ndi chitini chotungira madzi. China chilichonse chinatsala.

Kumapiri tinapeza anthu ena, ambiri a iwo amayi ndi ana. Tinkagona m'mapanga. Moto tinkakoleza m'mamawa mokha, nkhungu isanachoke, kuti utsi usaoneke. Chinangwa chitatha tinkadya masuku ndi nthudza.

Mwala unandicheka pakatumba. Magazi anatsikira mpaka kuchidendene. Tinali pafupi ndi munda wakale, ndipo azakhali anandiuza kuti ndifune chisoso, chija njere zake zakuda zimamatirira pansalu. Ndinkachidziwa ngati ndiwo basi. Anatikita masamba ake m'manja n'kufinyira madzi pabalapo. Zinanyerenyetsa. Magazi analeka.

Pambuyo pake Yohane anayamba kutsegula m'mimba. Anasiya kulira. Maso ake analowa m'kati, ndipo khosi linkangogwera pamsana panga.

Azakhali anakhala pamwala n'kuyamba kundifotokozera mtengo wa naphini. Anati umakonda dothi lamchenga. Masamba ake amaunjikana kunsonga kwa nthambi, ndi otuwa, ndipo ukawasisita amafewa ngati khutu la mwana wa mbuzi.

Ndinapita ndekha. Ndinabwera ndi masamba. Iwo anawatikita, kuwanunkhiza, kuwanyambita pang'ono, n'kuwataya. Ndinapitanso. Anatayanso. Ulendo wina ndinabwera ndi nthambi yotuluka utomoni woyera. Anandimenya padzanja ndipo ananditumiza kukasamba kumtsinje.

"Uwo ukanamupha," anatero.

Mtengowo ndinaupeza dzuwa litapendeka, kuseri kwa chulu. Azakhali atagwira tsamba lake sanalinunkhize n'komwe. Anangoti ndiwatsogolere. Ndinakumba ndi kamtengo kosongola. Anandiuza kuti ndidule muzu umodzi wokha, ina nditsalitse, ndipo dzenjelo ndikwirire. M'kati mwake muzuwo unali wachikasu.

M'mawa tinauwiritsa m'chitini. Madzi atazizira ndinkamudonthezera Yohane m'kamwa ndi tsamba lopinda, pang'onopang'ono, tsiku lonse.

Panali mayi wina, dzina lake Malita, amene khanda lake linkadwala chimodzimodzi. Nalonso tinalipatsa madzi omwewo. Yohane anayamba kupempha chakudya. Khanda la a Malita linamwalira. Tinaliika pansi pa miyala.

Tsiku lina masana tinamva mapazi. Tonse tinagona m'udzu. Ndinaika chala m'kamwa mwa Yohane kuti ayamwe. Anadutsa anyamata a mfuti, ena a iwo amsinkhu wanga. Mmodzi anali atavala jekete la mphunzitsi wa mpingo wathu. Ndinalizindikira ndi chigamba cha pachigongono.

Titadzuka kuti tithawe, azakhali anaponda chitsa chosongoka. Ine ndinali nditawasiya dzanja kuti ndimange bwino mwana. Chitsacho chinalowa kuphazi n'kuthyokera momwemo. Ndinachotsa chomwe ndinatha kuchotsa ndi minga. Tinafinyirapo chisoso. Phazilo linatupa.

Kuyambira pamenepo anayamba kundiphunzitsa mofulumira. Tikamayenda, dzanja lawo lili paphewa langa, ankandifunsa mtengo uliwonse umene tadutsa. Anandionetsa muwawani, wa zipatso zazitali zolendewera ngati ndodo, umene khungwa lake limawawa ndipo limathandiza malungo ndi m'mimba. Anandinunkhitsa mpungabwi wothamangitsa udzudzu. Anandiuza muyeso wa mwana ndi muyeso wa munthu wamkulu, ndi mizu yosayenera kupatsa mayi woyembekezera. Ankanditsinzinitsa, n'kundiika tsamba pamphuno kuti nditchule dzina. Ndikaphonya ankabwereza osakwiya.

Tinamva kuti kumpoto kuli asodzi amene akuwolotsa anthu kupita ku Likoma. Tinatsikira kunyanja. Amuna awiri okalamba anawanyamula azakhali pamtunda womaliza.

Pagombe tinapeza mwera ukuwomba. Ngalawa zinali pamtunda. Tinabisala m'mabango kudikira kuti mphepo ileke.

Mwendo wa azakhali unali utada mpaka pabondo. Unkanunkha. Anthu anasunthira kutali. Ine ndinkaingitsa ntchentche ndi nthambi. Ndinawafunsa kuti ndikafune mtengo uti.

"Palibe, Esinati," anayankha. "Umusunge mwanayo. Usamupatse madzi osawiritsa."

Anamwalira m'mawa umene mphepo inaleka. Asodzi anakumba mumchenga ndi nkhafi, kuseri kwa mabango. Panalibe wa pabanja wamkulu woti n'kuyankhula. A Malita anayambitsa nyimbo ndi mawu otsika, ndipo sitinaimalize chifukwa mwini ngalawa ankaitana.

M'ngalawa tinadzaza mpaka madzi ankafika pafupi ndi m'mphepete. Ndinakhala ndi Yohane pamiyendo ndi mtolo wa mizu m'chitini. Palibe anacheuka.

Ku Likoma kunali anthu ochuluka othawa ngati ife. Titakhalako kanthawi anatikweza sitima kubwera ku Nkhata Bay. Kuchipatala anamupachika Yohane pasikelo, ndipo namwino anati achira. Mwendo wanga anaumanga nsalu yoyera ngakhale bala linali litapola kale.

Banja lina la ku Sanga linatitenga. Mayi wa pakhomopo, anyaChirwa, anagwada n'kunena mawu a Chitonga amene sindinawamve. Kenako anabwereza m'Chichewa chothyokathyoka kuti tafika, tikhale pansi. Anatipatsa kondowole, nsima ya chinangwa, ndi usipa. Yohane anagona chakudya chili m'manja.

Ndinakulira komweko, ndipo ndinakwatiwa komweko. Mizu ndimakumbabe m'mapiri a kuno. Amayi a m'mudzi amabwera ndi ana awo. Ndikaona maso a mwana atalowa m'kati, ndimamumwetsa madzi n'kuwauza kuti athamangire kuchipatala ku Chintheche.

Nkhondo itatha ndinawolokanso kamodzi. Pamudzi pathu panali patamera tchire. Ena anati amayi anawaona akusenzetsedwa katundu kulowera kum'mawa. Ena anati sanatuluke m'nyumba. Pagombe paja nyanja inali itakwera, ndipo manda a azakhali sindinawapeze.

Amayi dzina lawo linali Agnesi. A Malita anatsala ku Likoma ndipo sindinamvenso za iwo. Yohane ndi msodzi kuno ku Sanga. Za tsidya sakumbukira chilichonse. Tsopano wayamba imvi.