Manda Awiri a Kaputeni

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene ntchito yosankha fodya inatha papulazi, famu ya kwathu. Abale onse ankati ndine wouma mtima, ndingasiye bwanji bambo okha pamene amayi anali atangomwalira kumene. Munthu yekha amene sanandiletse anali bambowo. Anangondifunsa ngati pasipoti yanga ili bwino, n'kundiuza kuti msilikali safa ndi njala poto ali pomwepo.

Bambo anabadwira mukomboni ya pulazi ina pafupi ndi Glendale, kumpoto kwa Harare, mwana wa munthu wa ku Dedza amene anabwera wapansi kudzalima fodya wa azungu. Analowa usilikali ali achinyamata, n'kukwera mpaka kukhala kaputeni. Atapuma pantchito anzawo anagula nyumba ku Harare, koma iwo anabwerera kukomboni komwe kuja. Analera ife ana awo asanu, kuwonjezapo amasiye anayi a mchemwali wawo, ndipo palibe amene ankadya mbale yosiyana. Nsapato ankapukuta m'mawa uliwonse ngakhale akungopita kudimba. Ukachedwa kutchalitchi ankakuyang'ana kamodzi kokha, ndipo sunkachedwanso.

Ku Joni ndinakhala zaka zisanu ndi zinayi ndikusamalira gogo wina wachizungu. Ndinkamusambitsa ndi kumudyetsa pamene bambo anga ankakalamba okha, ndipo zimenezo zinkandiwawa, sindibisa. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja, sabata kutha osalankhula Chichewa ndi munthu. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, iwo n'kumagawira theka la komboni. Lamlungu lililonse tinkacheza pafoni, ndipo chaka chomaliza ankabwereza mawu amodzimodzi: "Esinati, ndikadzapita mudzandigoneke pambali pa amayi ako, kumanda a papulazi." Anatiuza tonse asanu. Palibe anganene kuti sanamve.

Anamwalira Lachiwiri m'chipatala cha ku Harare, ali ndi zaka pafupifupi makumi asanu ndi anayi. Abwana anandimasula Lachinayi, basi n'kuchedwanso pabodala. Ndinafika Loweruka masana kunyumba kwa achimwene athu aakulu, a Wilisoni, n'kupeza anthu akusamba m'manja pageti. Anali ataika kale, kumanda a m'tauni.

A Wilisoni kuyambira kale ankadana ndi kutchedwa mubhurandaya, dzina limene ena amatinyoza nalo ife a makolo ochokera ku Malawi. Kwa apongozi awo ndi kuntchito amanena kuti kwawo ndi ku Guruve, dera la eni dziko. Papepala la mwambo wa maliro analembanso zomwezo, kuti Kaputeni kwawo ndi ku Guruve, kumene bambo sanagoneko ndi tsiku limodzi lomwe. Ndinawakokera kuseri kwa nyumba ndili ndi mkwiyo.

"Sisi, munthu wa nyota pamapewa angakaikidwe kukomboni?" anatero. "Akuluakulu anzawo akanafika bwanji kumatope kuja? Ine ndawapatsa ulemu."

"Ulemu wa ndani, mukoma? Wa bambo kapena wanu?"

Anangobwerera kwa alendo awo. Ang'ono athu atatu anangoti zyoli. Anandiperekeza kumandako, ndinaona maluwa okwera mtengo, koma msozi sunatuluke.

Lolemba ndinakwera kombi ya ku Glendale. Kukomboni anandilandira a Fakisoni, mkulu wa adzukulu, amene akhala akukumba manda a papulazi kuyambira ndili mwana. Anandiuza kuti uthenga wa maliro utangofika, iwo anakumba Lachitatu pambali pa amayi, monga Kaputeni anawalangizira. Azimayi anasonkha ufa, a kwaya anasonkhana, anthu n'kumayang'ana kumsewu mpaka Loweruka. Palibe ndi mmodzi yemwe wa ife amene anawaimbira foni. Anamva kwa kondakitala wa kombi kuti maliro apita kale.

Anandilondolera kumanda. Pambali pa amayi panali mtumbira watsopano, dothi likadali lofiira. Ndinawayang'ana osamvetsa.

"Dzenje lokumbidwa silisiyidwa kukamwa, mwanangu, limaitana wina," anatero a Fakisoni. "Tinadula thunthu la nthochi, tinalikulunga m'jekete lawo lakale lausilikali, n'kuika dzulo. Tinaimba nyimbo zonse, sitinadumphe ndi imodzi yomwe."

Zaka zonse zija ndinkadzitonthoza kuti ndine mlendo ku Joni kokha, kuti kwathu timadziwa amene tili. Ndinapeza kuti a komboni osauka aja ndiwo anasunga mawu a bambo, pamene ana amene anawaphunzitsa sukulu anachita nawo manyazi mpaka m'bokosi. Ndinagwada pamtumbirapo, ndipo ndi pamene ndinalira. Amayi anadikira mwamuna wawo zaka zonsezi, ife ana awo n'kuwagonekera nthochi.