Telala wa Pachipata cha Sukulu

Aliyense amawatchula kuti Mayi Telala. Makina awo ali pakhonde la sitolo moyang'anana ndi chipata cha sukulu, ndipo kale yunifolomu iliyonse yodutsa pachipatapo inali ntchito ya manja awo. Mwana wa m'mimba mwawo alibe. Amalera mtsikana wa malemu achimwene awo, ndipo ukamunena mwanayo, nsalu yako ukaitenga yosasoka.

Pasukulupo panali chizolowezi choti ana akaweruka, wanzeru ndiye ankatumidwa kukatula makope kunyumba kwa mphunzitsi. Mphunzitsi wa masamu atayamba kutuma mtsikanayo, Mayi Telala anadzitama msewu wonse.

"Wangayu samusesetsa bwalo ayi," ankauza mayi wogulitsa tomato. "Amanyamula makope!"

"Pepani amake a dokotala, ife a ana osesa tilowere kuti?"

Tsiku lina mwana anakana kupita kusukulu. Mayi Telala anamukokera okha mpaka pachipata akukalipa, "Ukufuna undichititse manyazi?" Mawu amenewo amawatsamwabe pakhosi. Patapita masabata, akumuyeza siketi, mwana ananjenjemera tepi itangomukhudza m'chiuno. Ndi pamene anaulula kuti mphunzitsiyo ankatseka chitseko n'kumugwirira.

Mayi Telala atapita kukadandaula kusukulu, ahedi anawapatsa mpando wofewa mu ofesi.

"Mayi, tikambirane ngati makolo. Munthuyu timusamutsira kutali mwakachetechete. Mukapita kupolisi, dzina la mwana lidzamveka paliponse. Komanso si inu nomwe munkamulola kupitako?"

Mayi Telala anazyolika, makutu akutentha. Zinali zoona.

"Ndinkamulola, ee," anatero motsitsa mawu. "Nanga kumene mukumutumizako kulibe ana a eni?"

Ahedi anayamba kufunafuna cholembera chomwe chinali m'manja mwawo.

Kunyumba, Mayi Telala, mayi wamkulu ndithu, anagwadira mwana.

"Mwanangu, ndinakulakwira. Tikapita kupolisi anthu adzalankhula. Tipite?"

"Azakhali, akamandifunsa mudzakhala pompo?"

"Ndikasuntha undilavulire."

Anapita, ndipo kukhoti sanasunthe ngakhale pamene loya anawafunsa chifukwa chake sanamumvere mwana poyamba. Mphunzitsiyo ali kundende, kumene kuli koyenera afisi otere. Makolo ena anasiya kusoketsa kwa Mayi Telala, ati anaipitsa dzina la sukulu. Izo sizimawapweteka kwenikweni.

Mtsikanayo anabwerera m'kalasi ndipo amati anawakhululukira. Koma chikamuvuta, kaya ndi mutu chabe, amakauza mayi wa nyumba yoyandikana nayo. Mayi Telala amakazimvera kumeneko, ataima pakhomo ngati mlendo.