Ndinaletsa Mwana Gemu ya Zombo

Ndinaletsa mwana wanga Tadala kusewera gemu ya zombo zankhondo pafoni yanga. Ndinamuuza, ndi nkhope ya munthu wa satifiketi, kuti ndi yabodza: zombo za matanga zakalekale sizinkawombera mizinga motsatizana choncho, ndipo adzalephera nayo mayeso. Kunena zoona, za zombo sindidziwa kanthu, kuno timangoona mathiraki a kumalire. Ndinkangofuna foni isathe moto, chifukwa gemuyo inali itandikomera ineyo.

Loweruka ndinabisala nayo kuseri kwa bafa, chombo cha adani chitatsala pang'ono kumira. Kenako ndinamva mpweya wa munthu m'khutu.

"Amayi, mizinga yabodzayo iwombereni kumanzere," anatero Tadala.

Ndinawombera kumanzere. Chombo chinamira, ndipo amene anayamba kuvina ndinali ine.