Kutsidya kwa Msewu pa Ukwati wa Mwana Wawo

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi mayi anga. Nditatopa ndi kuima pa mageti a mafakitale ku Southerton, iwo anadandaulira bambo Mbewe, wojambula zithunzi za mpira, amene ankagula tomato patebulo lawo ku Machipisa. Mkuluyo anangofunsa ngati msana wanga ndi wolimba. Ndinayesa ndi nthabwala, mpaka nditasenza lenzi yawo yaitali, yolemera ngati mwana woyamba kukwawa.

Bambo Mbewe anandiphunzitsa kuti pa tiraipodi, choimikira kamera, miyendo si nkhani, nkhani ndi mutu wake, pomwe pamakhala kamera. Mitu anali nayo iwiri. Wa bolo, wozungulira pa kampira kachitsulo, unali wopepuka, wokoma kunyamula, koma ukaikapo lenzi yaitali n'kumasula pang'ono, lenziyo inkagwa chamutu. Ngakhale umange zolimba inkatsikabe, munthu n'kudukira m'khosi pachithunzi. Winawo, wopindika ngati chigongono, ankautcha gimbo. Umamangirira kolala, mkombero wogwira lenzi, papuleti, n'kumasuntha puletiyo kutsogolo ndi kumbuyo mpaka kulemera kutafanana mbali zonse. Zikatheka, umachotsa manja, lenzi n'kuima pomwe waisiya.

Iwo ankauza anzawo a ku bwalo la mpira la Gwanzura kuti gimbo ndi wothamangitsira osewera. Ine wosenza katundu ndinkaona zina: manja awo anali atayamba kunjenjemera, ndipo sankafuna kuti zimveke.

Loweruka lina anati kuli ukwati konkuno ku Highfield, ndipakire gimbo ndi lenzi yaitali. Ndinawakumbutsa kuti paukwati timatenga yaifupi.

"Lero sitilowa, mwanangu," anatero.

M'kombi, minibasi ya kuno, ndi momwe anandiuza kuti mkwatibwi ndi mwana wawo. Anamusiya ali kumsana kwa mayi ake, n'kulowa m'tauni osatumiza ngakhale moni, ndipo tsopano akuchikazi anali atawauza kuti asaonekere. Sanadziikire kumbuyo. Ankangofuna chithunzi chimodzi, mwanayo akutuluka m'tchalitchi.

Tinaima kutsidya kwa msewu, kuseri kwa galimoto lakufa. Anasuntha puleti okha, mwachifatse, n'kulozetsa lenzi pakhomo. Nthungululu zitamveka anaika diso pakamera, koma manja anawakanira. Kunjenjemera kwa tsiku limenelo sindinakuonepo, chifukwa tiraipodi yonse inkagwedezeka. Lenzi yaitali ilibe chisoni, kadzanja kakangogwedera pang'ono nkhope yonse imasanduka utsi. Anayesanso, osatheka. Kenako anachotsa manja, nakhala pansi m'fumbi ndi suti yawo yomweyo.

Lenzi inaima pomwe anaisiya, ikuyang'anabe khomo. Ukanakhala mutu wa bolo bwenzi tikujambula phula. Ndinaweramira pakamera, mkwatibwi n'kutulukira, malume ake akuyenda pambali pomwe pakanayenda bambo Mbewe. Ndinadina, mtima ukundiwawa ngati bamboyo ndi wanga.

Nditawapatsa kamera kuti aone, anayang'ana kumbali.

"Akuseka?"

"Eya, bambo, akuseka."

"Basi. Pakira tizipita."

Sanagwirenso kamera kuchokera tsiku limenelo, ndipo chithunzicho anamwalira asanachipemphe. Zimandimvetsabe chisoni. Lero ndimajambula ndekha mpira wa masukulu, ndipo munthu akandifunsa mutu woti agulire lenzi yaitali, ndimamuuza kuti agule woti akachotsa manja lenzi isagwe. Pali tsiku limene manja ako omwe adzakukana, ndipo silipanganika.